Momwe mungapezere gulu la anzanu osiya mowa, n'kupitako, n'kubwererakonso

Anthu ambiri amene mowa wawafika pakhosi amadziwa ndithu kuti magulu othandizana alipo. Pamene amakakamira ndi pena. Wina amalemba tsiku ndi malo bwinobwino, tsikulo likafika amati lero mutu ukuwawa, ndipita sabata yamawa. Wina amafika, kuizungulira nyumbayo kawiri, kuona anthu akuseka pakhomo, n'kutembenuka. Wina amalowa, kumva mawu amodzi osamukomera, n'kugamula pompo kuti izi si zake. Malangizo awa ndi oti akudutsitseni malo atatu amenewa.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni yokhala ndi mayunitsi, yanu kapena yobwereka kwa munthu amene simukumubisira nkhaniyi.
- Kakope ndi cholembera. Mutu wa munthu amene wangosiya mowa susunga zinthu, choncho tsiku, nthawi ndi manambala a foni muzilemba.
- Ndalama yoyendera yokwana kupita ndi kubwera basi. Yotsalayo isiyeni kunyumba, chifukwa ndalama ya m'thumba imaidziwa njira yake yakale.
- Maola awiri opanda chochita china. Misonkhano yambiri imatenga ola limodzi, koma nthawi yofika msanga ndi yotsalira pang'ono ndi yofunikanso.
- Mayina a mankhwala onse amene mukumwa, komanso kuchuluka kwenikweni kwa mowa umene mumamwa pa tsiku. Izi ndi zokapereka kuchipatala, osati kugulu.
- Munthu mmodzi wodziwa komwe mwapita.
- Ngati mudzalowa pa intaneti, mukhale ndi bandulo yokwanira, zomvera m'makutu, ndi malo oti mukhale panokha.

Simufunika kalata ya dokotala, chiphaso, ndalama yolembetsera kapena dzina la bambo anu. Simufunikanso kukhala mutasiya kale mowa.

## 1. Yambani mwaona ngati thupi lanu lingapirire kusiya mwadzidzidzi

Sitepe iyi ndi imene anthu amaidumpha, ndipo ndi yokhayo pano imene kuidumpha kungakutayitseni moyo. Ubongo umene wakhala ukuponderezedwa ndi mowa tsiku ndi tsiku umazolowera kudzikankha kuti uzigwirabe ntchito. Mowa ukachoka kamodzin'kamodzi, kudzikankha kuja kumapitirira popanda choletsa. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, manja amayamba kunjenjemera, thukuta kutuluka, nseru, nkhawa, kusowa tulo, mtima kugunda mothamanga. Ena amagwa n'kumaphiriphitha ngati wodwala khunyu, kawirikawiri m'masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri chimabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi: munthu amasokonezeka mutu, amaona zinthu zomwe palibe, thupi limatentha, amabwebweta. Madokotala amati delirium tremens, ndipo popanda chithandizo imapha.

Dzifunseni mosadzinamiza. Kodi mumamwa kwambiri tsiku lililonse? Kodi mumadzuka manja akunjenjemera mpaka mutamwako kochotsera matsire? Munayamba mwagwapo kapena kuona zideruderu mutayesa kusiya? Muli ndi khunyu, shuga, matenda a chiwindi kapena a mtima, ndinu oyembekezera, kapena mumamwa mankhwala ogonetsa? Mukayankha inde ngakhale pa funso limodzi lokha, pitani kuchipatala musanasiye. Kumeneko angathe kukupatsani mankhwala monga diazepam kapena chlordiazepoxide kwa masiku owerengeka kuti ubongo utsike pang'onopang'ono, ndi vitamini B1, wotchedwanso thiamine, amene amaperewera mwa anthu omwa kwambiri ndipo kuperewera kwake kumaononga ubongo.

Chenjezo: musachepetse chiwerengero pouza dokotala. Manyazi amachititsa munthu wa mabotolo khumi kunena anayi, ndiye dokotala amamuona ngati wosafunika chisamaliro chapadera. Musagulenso nokha mankhwalawa. Diazepam akakumana ndi mowa m'thupi angathe kuimitsa kupuma.

Kupita kuchipatala sikukuletsani kupita kugulu. Zonse ziwiri mungazichite sabata imodzi.

## 2. Dziwani mitundu ya magulu, koma musachedwepo

Lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, lomwe Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith analiyambitsa mu 1935 ku Akron m'dziko la America, ndipo lero likupezeka m'mayiko pafupifupi 180. Limayenda ndi masitepe 12, mfundo zimene membala amatsata pa ulendo wosiya mowa, ndipo chokuyenerezani kukhala membala ndi chimodzi chokha, kufuna kusiya kumwa. Si mpingo, koma dzina la Mulungu mudzalimva, ndipo amati aliyense amutenge monga momwe iye amamumvetsera. Muli anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, ena osapembedza n'komwe.

SMART Recovery inayamba mu 1994 ndipo za Mulungu sizilowamo. Imaphunzitsa zinthu zinayi: kukulitsa ndi kusunga mtima wofuna kusintha, kuthana ndi chibaba, kuwongolera maganizo ndi zochita, ndi kukonza moyo kuti usapendekere mbali imodzi. Msonkhano umayendetsedwa ndi munthu wophunzitsidwa, anthu amayankhana momasuka, ndipo sakufunsani kudzitcha chidakwa. Women for Sobriety, ya mu 1975, ndi ya amayi okhaokha, ngakhale AA nayonso ili ndi misonkhano ya amayi okha kapena abambo okha m'malo ambiri. Palinso magulu oyendetsedwa ndi zipatala, mipingo ndi mizikiti. Ena mwa awa ndi abwino kwambiri, makamaka pamene otsogolera anadutsamo okha m'vutoli.

Ngati mukuwerenga chifukwa cha amuna anu, akazi anu, mwana kapena kholo, gulu lanu ndi Al-Anon, lomwe linayamba mu 1951 kuthandiza achibale a anthu omwa. Achinyamata a m'mabanja otere ali ndi Alateen.

Okayikira ngati kukhala pabwalo n'kumamvetserana kumathandizadi adziwe kuti bungwe la Cochrane, loona za kafukufuku wa zaumoyo, linasanthula kafukufuku 27 mu 2020, n'kupeza kuti njira zolumikiza anthu ku AA zimathandiza mofanana ndi uphungu wina wodziwika, ndipo pa nkhani ya kusiyiratu mowa kwa nthawi yaitali zina zimapambana. Izi sizikutanthauza kuti AA imakomera aliyense. Langizo langa ndi loti gulu loyamba likhale limene lili pafupi ndipo likukumana posachedwa. Kuyerekeza magulu kwa mwezi wathunthu ndi kuzengereza kovala jekete.

## 3. Fufuzani kumene akukumana

Pa intaneti, yambirani pa aa.org, pamene pali njira yopezera maofesi a AA a m'mayiko osiyanasiyana. Pali pulogalamu ya pafoni yaulere yotchedwa Meeting Guide imene imaonetsa misonkhano ya AA yapafupi m'madera amene magulu ake analowetsamo mndandanda wawo. SMART Recovery nayo ili ndi mndandanda patsamba lake. Mukapanda kupeza kanthu musataye mtima, chifukwa magulu ambiri ang'onoang'ono salembedwa paliponse. Funsani kuchipatala, makamaka kumbali yoona za matenda a maganizo, funsani alangizi, funsani atsogoleri a chipembedzo, popeza magulu ambiri amabwereka zipinda m'matchalitchi ngakhale sali a mpingowo. Ngati pakamwa pakulemera, nenani kuti mukufunsira munthu wina. Palibe amene adzakufufuzeni.

Pamndandanda wa AA mudzaona mawu awiri achingerezi oti muwadziwe. Msonkhano wolembedwa kuti open ndi wa aliyense, ndipo mungapite ndi m'bale wokuperekezani. Wolembedwa kuti closed ndi wa okhawo ofuna kusiya kumwa. Mawu achiwiriwa abweza anthu ambiri atsopano poganiza kuti awatsekera kunja, chonsecho ngati vuto la mowa ndi lanu, muli ololedwa kulowa ngakhale tsiku loyamba. Mukaona wolembedwa kuti ndi wa ongoyamba kumene, sankhani umenewo.

Lembani misonkhano itatu, osati umodzi.

Chenjezo: mukafufuza pa intaneti, zoyamba kutuluka nthawi zambiri zimakhala zotsatsa malonda za malo ogonekako anthu omwe amalipiritsa. Magulu a anzanu salipiritsa polowa. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama kuti akusungireni mpando, dulani foni.

## 4. Imbani musanapite

Mindandanda imakalamba. Gulu limasamuka, nthawi imasintha, tsamba n'kukhalabe momwemo kwa zaka. Munthu amene walimba mtima kwa sabata yathunthu n'kukapeza chitseko chokhoma, kawirikawiri amakathera kumowa usiku womwewo. Ndiye imbani kapena lembani uthenga. Funsani ngati akukumanadi tsikulo, khomo lolowera ndi liti, amagwiritsa ntchito chinenero chanji, komanso ngati wina angakudikireni panja. Pempho lomalizali ndi lachizolowezi ndipo amalilandira mokondwa. Woyankha foniyo nayenso tsiku lina anaimapo panja akuopa kulowa.

## 5. Konzani tsikulo

Sankhani njira yosadutsa pamene mumamwera, ngakhale italike. Idyani musananyamuke, chifukwa njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa ndi zinthu zinayi zimene anthu a m'maguluwa amachenjezana kuti zimadzutsa chibaba. Uzani munthu wanu uja nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Konzeranitu kumene mudzalowere mukatuluka, makamaka ngati msonkhano ndi wamadzulo, nthawi imene thupi linazolowera botolo.

Fikani mphindi 10 kapena 15 nthawi isanakwane. Kulowa m'chipinda muli anthu atatu akuyala mipando n'kopepuka kusiyana ndi kutsegula chitseko anthu makumi awiri atakhala chete.

Chenjezo: maganizo akuti ndimweko kamodzi kuti ndilimbe mtima adzabwera ndithu. Akanizeni. Koma ngati mwamwa kale, musapezerepo chifukwa chojombera. Magulu ambiri a AA salibweza munthu woti wamwako malinga asasokoneze. Pitani, khalani chete, mvetserani, ndipo muyankhule ndi wina pamapeto. Galimoto kapena njinga yamoto musayendetse.

## 6. Zimene mudzapeze m'chipindamo

Mipando imakhala yozungulira kapena m'mizere. Khalani paliponse, ngakhale pafupi ndi khomo ngati kutero kukupatsani mtendere. Chodabwitsa choyamba kwa ambiri ndi maonekedwe a anthuwo. Mumayembekezera nkhope zotupa ndi zovala zong'ambika, koma mumapeza mayi wovala zakuntchito akuyang'ana wotchi, mnyamata wa msinkhu wa kusukulu yaukachenjede, agogo akufufuza magalasi m'thumba. Ndipo amaseka, nthawi zina pa nkhani zimene inu mwakhala mukuzibisa kwa zaka.

Ku AA, wotsogolera ndi chidakwa chinzanu chimene chasiya, si dokotala. Amatsegula ndi kamphindi kachete, kawirikawiri ndi pemphero lalifupi lopempha mtendere wa mumtima pa zinthu zosatheka kuzisintha ndi kulimba mtima pa zotheka. Kenako wina amawerenga cholinga cha gulu ndi masitepe aja. Amafunsa ngati pali wobwera koyamba. Mukafuna, kwezani dzanja n'kutchula dzina lanu loyamba lokha. Mukapanda kufuna, khalani. Ine ndimalimbikitsa kukweza dzanja, chifukwa ndi mmene anthu amadziwira woti amufikire pamapeto. Magulu ena amapereka kakobiri kachikumbutso kwa amene akuyamba maola ake 24 oyamba osamwa.

Zikatero, mwina munthu mmodzi amafotokoza mbiri yake kwa mphindi zingapo, mwina amasankha mutu woti akambirane, ndipo anthu amayankhula mmodzimmodzi. Aliyense amayamba ndi dzina lake n'kunena kuti ndi chidakwa, gulu n'kumupatsa moni. Chapakati kapena kumapeto amayendetsa kabasiketi ka zopereka zolipirira chipinda ndi mabuku, popeza AA silandira thandizo la ndalama lochokera kunja kwa mamembala ake. Mulibe kanthu, kapatsireni mnzanu. Potseka, ena amagwirana manja n'kupemphera. Mungathe kuimirira chete osanena nawo.

Ntchito yanu tsiku loyamba ndi kumvetsera zofanana ndi zanu. Mutu udzathamangira kusiyanitsa: ine sindinagonepo m'ngalande, ine ntchito ndikadali nayo, ine sindimenya mkazi. Zisiyeni zidutse. Tcherani khutu pamene wina akunena za kubisa botolo kuseri kwa zovala, kulumbira m'mawa kuti basi n'kupezeka akumwa dzuwa lisanalowe, kudzuka n'kuyamba kufufuza mufoni kuti aone amene anamutukwana usiku. Mukamva chimodzi chokha chokulasani, ulendowo sunapite pachabe.

## 7. Kuyankhula kapena kukhala chete

Palibe wokukakamizani. Mzere ukafika pa inu, nenani dzina lanu n'kuti lero ndingomvetsera, basi amapitirira. Simukakamizidwanso kudzitcha chidakwa ngati mawuwo sanakhazikike mumtima mwanu. Kunena kuti ndikufuna kusiya mowa n'kokwanira.

Mukasankha kuyankhula, mphindi zitatu kapena zisanu zakwana. Kambani za inu mwini, za mowa, ndi za mmene zinthu zilili lero. Musalangize amene wangomaliza kuyankhula, ndipo musadabwe anthu akangoti zikomo osathirapo ndemanga pa zimene mwanena. Atsopano ambiri amakhumudwa apa, amaona ngati atsanulira mtima wawo pamwala. Koma ndi dala. M'misonkhano yambiri ya AA sayankhana mwachindunji, kuti munthu anene zakukhosi popanda kudulidwa kapena kuweruzidwa. Mayankho amabwera msonkhano ukatha. Ku SMART Recovery n'zosiyana, kumeneko kukambirana ndiye msonkhanowo.

Chenjezo pa za chinsinsi: mwambo ndi woti amene mwamuona m'chipindamo ndi zimene mwamva zitsale momwemo. Mukapezamo munthu womudziwa, kumbukirani kuti naye wabwerera chomwecho, ndipo mukakumana panjira ali ndi anthu ena musatchule kumene munadziwirana. Koma mwambo si lamulo la boma. Anthu a m'gulu samangidwa ndi lamulo losunga chinsinsi ngati dokotala kapena loya, ndipo pakati pa anthu ambiri sipalephera wa pakamwa potayirira. Nkhani yokhudza mlandu, kapena imene ingakuonongereni banja kapena ntchito itatuluka, musaikambe pagulu. Isungireni loya, mlangizi, kapena munthu mmodzi amene mwamuyesa kwa nthawi.

## 8. Musathawe msonkhano ukangotha

Miyendo idzafuna kuthamanga. Ikanizeni kwa mphindi khumi zokha. Thandizani kusonkhanitsa mipando, chifukwa manja akakhala ndi chochita, kucheza kumayamba kokha. Pitani kwa munthu amene mawu ake anakukhudzani, muuzeni kuti ndinu watsopano, mupemphe nambala yake. Tengani manambala atatu kapena kuposerapo. Funsani misonkhano ina ya m'sabatamo, chifukwa a m'katimo amadziwa yambiri yosalembedwa.

Tsiku lotsatira imbirani mmodzi, ngakhale zinthu zili bwino. Ingonenani kuti ndine uja wa dzulo, ndimayesa nambala. Chifukwa chake n'chakuti chibaba chikadzakugwirani usiku, simungaimbire munthu amene simunamuimbirepo masana. Chibaba chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha, ndipo kucheza pafoni kumakuolotsani nthawi imene chili pamwamba. Imbani musanamwe. Ambiri amaimba atamwa kale.

## 9. Bwererani, ndipo yesani magulu osiyana

Musagamule ndi msonkhano umodzi. Tsiku loyamba mutu umakhala uli balala, thupi likuwawa, ndipo theka la zonenedwa silimveka. Magulu nawonso amasiyana ngakhale ali pansi pa dzina limodzi. Lina ndi la anthu okhwimitsa malamulo, lina ndi lofewa, lina limapemphera kwambiri, lina pang'ono, lina lili ndi munthu mmodzi wolongolola amene amadya nthawi ya onse. Dzipatseni misonkhano 6, m'magulu awiri kapena atatu ngati alipo, musananene kuti njirayi yakukanikani.

Mudzamva ena akunena za misonkhano 90 m'masiku 90. Si lamulo la AA, ndi langizo lofala chabe, ndipo nzeru yake ndi yoti maola amene munkamwa adzazidwe ndi china pa miyezi itatu yoyamba, imene anthu ambiri amaterereka. Ngati ntchito, ana kapena mtunda sizikulolani, musadziimbe mlandu. Sankhani masiku amene mungakwanitsedi, muwalembe, ndipo muwalemekeze monga mumalemekezera tsiku lokaonana ndi dokotala.

## 10. Khazikikani pagulu limodzi ndipo pezani sponsor

Pakatha masabata angapo, sankhani gulu limodzi likhale kwanu, kumene mukajomba anthu amafunsa. Pemphani kantchito, kaya kutsegula chipinda, kuyala mipando kapena kulandira anthu pakhomo. Munthu wosunga kiyi sajomba wamba.

Ku AA mudzalangizidwa kupeza sponsor, membala amene wakhala nthawi osamwa, wadutsa masitepe 12, ndipo wavomera kukuyendetsani mmodzi ndi mmodzi. Ambiri amalangiza kuti akhale woti watha chaka kapena kuposerapo. Musathamangire wodziwa kuyankhula. Yang'anani amene amafika nthawi zonse, amamvetsera, ndipo moyo wake kunja kwa chipinda ukuoneka wokhazikika. Kupempha kwake n'kwachidule: ndikufuna sponsor, kodi mungandithandize? Akakana, kawirikawiri ndi chifukwa ali kale ndi anthu ambiri, ndiye funsani wina. Mungapemphenso wongogwirizira pamene mukufufuza, ndipo mukaona kuti simukugwirizana muli ndi ufulu wosintha.

Chenjezo: sankhani munthu amene pakati pa inu ndi iye sipangabuke za chikondi, n'chifukwa chake ambiri amati mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi. M'maguluwa mumalowa aliyense, ndipo alipo amene amasaka atsopano ali ofooka, kuwafunsira, kuwabwereka ndalama kapena kuwakokera m'mabizinesi. Zaka zambiri zosamwa sizisandutsa munthu kukhala woyera. Wina akakuchititsani mantha kapena kukuumirizani, uzani otsogolera gulu ndi mamembala ena akale, ndipo ngati wapalamula mlandu kaneneni kupolisi. Mwambo wosunga chinsinsi suteteza zimenezo.

## Ngati kulibe gulu pafupi

Misonkhano ya pa intaneti ilipo usana ndi usiku, yambiri pa Zoom. Online Intergroup of Alcoholics Anonymous ili ndi mndandanda wake, SMART Recovery nayonso. Onetsetsani nthawi, chifukwa yolembedwayo ingakhale ya dziko lina. Musanalowe, sinthani dzina looneka pa sikirini likhale loyamba lokha. Kamera mungathe kuizimitsa, zomwe zimapulumutsanso bandulo, ngakhale magulu ena amapempha kuti muiyatse pang'ono polowa pofuna kutchinga osokoneza. Maikolofoni ikhale yotseka mpaka nthawi yanu, ndipo musajambule chilichonse. Vuto la pa intaneti ndi loti n'kosavuta kubisala, kumvetsera uku mukuchita zina, n'kutuluka wina asanakudziweni. Lembani m'bokosi la mauthenga kuti ndinu watsopano ndipo tsalirani pamapeto, monga mukanachitira m'chipinda.

Mungathenso kuyambitsa gulu. Mwambo wa AA umati zidakwa ziwiri kapena zitatu zikasonkhana ndi cholinga chosiya mowa zingadzitche gulu la AA, malinga gululo lisakhale nthambi ya bungwe lina. Ofesi ya AA ya m'dziko lanu, kapena likulu la ku New York, ingakuthandizeni ndi malangizo. Koma yambani mwalowa misonkhano ya ena kwa miyezi ingapo, kuti muone mmene imayendera komanso kuti inuyo mukhale mutaima.

## Mukamwanso

Zimachitikira ambiri. Choopsa chachikulu si botolo la usiku umodzi koma manyazi a m'mawa mwake, amene amasandutsa usiku umodzi kukhala miyezi isanu ndi umodzi. Imbirani munthu tsiku lomwelo, pitani ku msonkhano wotsatira, nenani zoona. M'chipindamo muli anthu amene anabwererapo kangapo. Ngati mwamwa kwambiri kwa masiku angapo, bwererani ku sitepe yoyamba ya malangizo ano, ya kuchipatala ija, chifukwa zizindikiro za kusiya zimakonda kukula pamene munthu wasiya n'kuyambiranso kambirimbiri. Ndipo ngati mukubwera maganizo odzipha, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo kapena uzani munthu amene muli naye pafupi, osadikira tsiku la msonkhano.

## Zolakwika zofala

Kudikira kuti zifike poipitsitsa. Ena amamva mbiri za anthu amene anataya banja, nyumba ndi ntchito, n'kuganiza kuti iwo sanayenerere mpando. Palibe mlingo wa mavuto umene muyenera kukwanitsa.

Kusiya mankhwala chifukwa wina wa m'gulu wanena. Vuto ili ndi lalikulu. Mudzakumana ndi munthu wolankhula motsimikiza kuti womwa mapiritsi a matenda a maganizo sanasiye kwenikweni. Akulakwa, ndipo mabuku a AA yeniyeniyo amachenjeza mamembala kuti asamadziyese madokotala. Mankhwala a khunyu, a nkhawa, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV musawasiye popanda dokotala. Palinso mankhwala othandiza kusiya mowa, monga naltrexone ndi acamprosate amene amachepetsa chibaba ndi mpata woyambiranso, ndi disulfiram amene amadwalitsa munthu akamwa mowa. Kumwa amenewa molangizidwa ndi dokotala uku mukupita kugulu si chinyengo.

Kupita kuti ena aone. Kupita chifukwa akunyumba kapena abwana akukakamizani si vuto poyamba, ambiri analowa choncho n'kukhalitsa. Vuto ndi kukhala kumbuyo, maso pafoni, kudikira ola lithe kuti mukanene kuti ndinapita.

Kukangana ndi mawu akuti Mulungu, kapena kusowa kwake. Wina amatuluka chifukwa apemphera, wina chifukwa sanapemphere monga kumpingo kwawo. Tengani chokuthandizani, ndipo ngati nkhaniyi ikukulepheretsanidi kumvetsera, sinthani gulu m'malo mosiyiratu.

Kulumbira za moyo wonse. Mawu akuti sindidzamwanso mpaka imfa amalemera, ndipo munawanenapo kale. A m'maguluwa amawerenga tsiku limodzi basi, la lero.

Kuyamba chibwenzi kapena kubwereketsana ndalama m'gulu miyezi yoyamba. Zikasokonekera, mumataya munthuyo pamodzi ndi chipinda chimene chimakusungani.

Kusiya kupita zinthu zikayamba kuyenda. Pakatha miyezi itatu kapena inayi tulo timabwera, nkhope imasalala, kunyumba ayambanso kukukhulupirirani ndi ndalama. Apa ndi pamene maganizo amanong'ona kuti mwachira, ndipo mwina tsopano mungamwe kamodzi ngati anthu ena. Mukaona kuti mwajomba kawiri motsatizana popanda chifukwa chenicheni, imbirani sponsor wanu kapena mmodzi wa manambala aja tsiku lomwelo, mumuuze tsiku limene mubwere, ndipo mumupemphe kuti akuimbireni mukapanda kuoneka.